Chimbale Chonyezimira

Ine ndisakubisireni, mwamuna ameneyu ndinayamba kumukonda chifukwa cha manja ake. Nkhope ndi yapakatikati, mutha kudutsana naye pa siteji ya basi osacheuka. Koma mukadzamuona akutulutsa chimbale m'chikuto chake mudzandimvetsa. Ndikunena zimbale zakuda zija zozungulira pa galamafoni n'kumayimba ndi singano, zimene anthu ambiri anataya kalekale. Iye amagulitsa zimenezo, makamaka za jazi, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya osoka nsapato. A mumsewu umenewo amamutchula Makutu, poti akangomvetsera chimbale pang'ono amakuuzani mmene mwini wake wakale ankachisungira.

Tinadziwana chaka chatha nditapita kukawafunira bambo mphatso. Ndinasankha chimbale cha chikuto chokongola, iye n'kukana kundigulitsa. Akuti chinali chopindika ndi dzuwa. Ndinatuluka nditakwiya, mawa lake ndinabwereranso.

Loweruka limene ndikunenali ndinamupeza ataima pazenera. Chimbale anachigwira m'mphepete ndi zikhatho, akuchipendeketsa pang'onopang'ono kuti kuwala kugwere m'timizere take.

"Tabwera uone, Mzime," anatero osacheuka. Kwathu ndine wotsiriza kubadwa, ndiye dzina limene bambo amandiitanira nayenso analitola.

"Ndione chiyani? Ine ndikungoona chakuda."

"Apa. Tokhukhuzika toyererati n'ta pepala la chikuto, tilibe vuto, singano imangodutsa. Koma ichi..." Anatenga chala changa n'kuyendetsa chikhadabo mopepuka pamwamba pa chimbalecho. Chinakodwa pang'ono. "Wamva? Chimene chikhadabo chamva, singano nayo ichimva. Apa chizilira thi, thi, thi, chikazungulira."

Za thi thi ine sindinazimvetsere. Ndinkangomva dzanja lake pa langa, mtima uli thu thu ngati ndakwera masitepe ndikuthamanga.

Anatenga kakhadi n'kulemba kuti mbali yachiwiri, nyimbo yoyamba, ndi yokandika.

"Iwe, ukanangokhala chete akanadziwa ndani?"

"Akanadziwa akafika kunyumba. Ndiye n'kudana ndi nyimbo yosalakwa."

Mwaona? Munthu wotere ungamutani? Ndinakhala pa bokosi n'kumuuza chimene ndinabwerera.

"Bambo akuti ubwere mawa masana."

Chimbale chija anachibweza m'chikuto kaye, n'kuchiimika bwinobwino, kenaka ndi pamene anandiyang'ana. Ankadziwa tanthauzo lake. Bambo anga ali ndi zimbale za jazi zoposa mazana anayi, akhala akusonkhanitsa kuyambira ali mnyamata. Mungaganize kuti awiriwa akanakhala pachibwenzi cha ponda apa nane mpondepo, koma ayi. Bambo amati ogulitsa zimbale zakale onse ndi akamberembere, ndiponso munthu wodalira zotaya anzake sangasunge mkazi. Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikuwachonderera kuti angomuona kamodzi. Lachiwiri akunyamuka kupita kukaona akulu awo ndi pamene anati, "Abwere Lamulungu ndikabwerako. Ndimuona kamodzi, ndipo zimene ndinene tsiku limenelo ndi zomwezo."

"Ndivale jekete?" Makutu anafunsa.

"Uli nayo?"

"Ndibwereka kwa osoka nsapato."

Ndinamuponyera kakhadi kumaso.

* * *

Kunyumba ndinapeza amayi akuyimba nyimbo za kwaya mokweza, ndipo amayi anga akamatero ndiye kuti pali chimene akonza.

Pali mnyamata wina, mwana wa mnzawo wa ku kwaya, amagulitsa magalimoto. Ine ndimangomutchula Wamagalimoto. Si woipa ayi, koma amanunkhira mafuta onunkhiritsa asanatulukire pakhomo, ndipo makiyi sachoka pachala, amangowazunguliza. Amayi anamusankha kale kukhala mkamwini wawo, chotsala n'kundiuza ine tsiku.

"Anabwera Lachinayi iwe kulibe," anatero amayi. "Ukudziwa wabweretsa chiyani? Chimbale chija bambo ako amalira nacho, cha chikuto chobiriwira."

Chimbale chimenecho m'nyumba mwathu aliyense amachidziwa ngakhale sitinachionepo. Ndi cha woyimba sakisofoni wina ndi mnzake wa piyano. Bambo anali nacho ali mnyamata, mnzawo anachibwereka, sichinabwerenso. Zaka makumi anayi akuchifuna.

"Wachipeza kuti?"

"Waitanitsa kunja. Mwamuna ndi ameneyo, amabwera ndi kanthu m'manja. Wakoyo abwera ndi chiyani, fumbi? Ndamuitana nayenso mawa, adzawapatse yekha bambo ako."

"Amayi! Mawa ndi tsiku la Makutu!"

"Mipando ilipo yokwanira."

Ndinalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Pafoni panali kale uthenga wa Wamagalimoto: "Mawa uvale diresi yofiira ija. Ndikufuna bambo ako aone kuti timayenerana." Sindinamuyankhe. Ndinalembera Makutu.

"Zavuta. Wamagalimoto wabweretsa chimbale chobiriwira chija. Abweranso mawa."

"Eee! Chenicheni? Ndikufunitsitsa kuchiona."

Tamuonani munthu. Ine ndikumuuza za mdani, iye akukondwera ndi chimbale.

"Tamvera. Bambo akuyesa. Chilichonse akuonetse, uyamikire basi. Unene kuti n'chabwino."

"Chikakhala chabwino ndinena."

"Chikapanda kukhala chabwino?"

Anakhala nthawi akulemba, kufufuta, kulembanso. Kenaka uthenga unafika: "Mzime, ndimakukonda, ndipo mawa ndikuopa kuposa iwe. Koma ndikawanamiza bambo ako tsiku loyamba, adzandikhulupirira liti?"

"Ndiye ukonda zimbale kuposa ine."

"Zimbale sizindiponyera makhadi kumaso."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikuseka ndekha ngati wopenga.

* * *

Lamulungu bambo anafika m'mawa. Pofika masana anali atasamba, atavala malaya oyera, atakhala pampando wawo pafupi ndi galamafoni. Kumbuyo kwawo kuli mashelefu anayi a zimbale, ndipo m'nyumba mwathu palibe amene amaloledwa kuzikhudza, ngakhale kuzipemerera.

Wamagalimoto anayamba kufika, hutala kawiri pageti. Amayi anamupatsira chimbale chija chimene ankamusungira, iye n'kugwada pang'ono n'kuchipereka kwa bambo ndi manja awiri. Bambo atangoona chikuto chobiriwira anachilandira msangamsanga. Anachisolola theka, chinang'anima ngati galasi.

"Ha! Ngati chatuluka dzulo m'fakitale!"

"Bambo, chilichonse chochoka m'manja mwanga chimanyezimira," anatero Wamagalimoto akuzunguliza makiyi. "Ndi khalidwe langa limenelo."

Makutu anafika wapansi, nthawi yake yeniyeni, wopanda jekete koma malaya ositidwa bwino. Anapereka moni kwa amayi, iwo n'kumuyankha ndi mphuno. Kwa bambo anapereka kabokosi kakang'ono ngati ka machesi.

"Mphatso yake ndi imeneyo?" Wamagalimoto anaseka. "Ine ndimayesa batani lagwa pamalaya."

Bambo anatsegula. Munali singano yatsopano ya galamafoni yawo, ya mtundu womwewo umene anausowa m'mashopu onse. Yawo inali itabuntha, miyezi iwiri asakuyimba zimbale zimene amazikonda kwambiri poopa kuziwononga.

"Mwadziwa bwanji mtundu wake?"

"Ndinapempha Mzime ajambule mkono wa galamafoniyi, bambo."

Bambo anandiyang'ana ndi diso lakuti tikambirana. Kenaka anatseka kabokosi n'kuloza chimbale chobiriwira chija.

"Akuti ndinu Makutu. Chabwino. Tiuzeni chimbale ichi chili bwanji."

"Ndingasambe kaye m'manja?"

Nsidze za bambo zinakwera pang'ono. Ine ndinathamanga kukamuonetsa pampopi, ndipo tili pakhonde ndinamutsina pamkono. "Chonde," ndinanong'ona. Anangondigwira chala n'kuchisiya.

* * *

Anayamba ndi chikuto. Anachitembenuza, kuyang'ana m'mphepete, kuyendetsa chala pamsana pake.

"Chikutochi ndi chosowa, bambo. Sichinang'ambike pamsoko, ndipo chilibe chizindikiro chozungulira chimene chimabwera zimbale zikasanjikizidwa chogona. Mwini wake ankachiimika." Anasolola chimbalecho n'kuyang'ana pafupi ndi kapepala kapakati, pamene pamakhala posalala. "Timanambala tolembedwa ndi dzanja iti tikusonyeza kuti ndi chodindidwa koyamba. Si zobwereza za pambuyo pake ayi. Amene wachipeza wagwira ntchito."

Wamagalimoto anatupa ngati buledi. Bambo ankagwedeza mutu, ndipo ine ndinapuma. Ndinati Mulungu wandimvera, chimbale n'chabwino, palibe wonama, palibe wokhumudwa.

Kenaka Makutu anapita nacho pazenera.

Anachipendeketsa uku, kuchipendeketsa uko. Anachitembenuza. Kenaka anachibweretsa pamphuno n'kununkhiza. Apo ndiye ndinadziwa kuti kwatha.

"Mzime, ndipatse kapepala koyera kopukutira m'manja."

Anakhudza nako m'mphepete mwa chimbale n'kuwaonetsa bambo. Panali banga lamafuta.

"Bambo, mundikhululukire. Kunyezimira uku si kwake. Chapakidwa mankhwala opukutira zinthu kuti ziwale."

"Mukuti chiyani?"

"Chimbale chatsopano chimawala m'kati mwa timizere, mukachipendeketsa kuwala kumayenda. Ichi chikuwala pamwamba pokha. Tayang'anani apa pamene mafuta sanafike, timizere tatuwa ngati phulusa. Chinayimbidwa kwambiri ndi singano yobuntha. Kutuwa kumeneko sikuchoka. Mafutawo ndingawatsuke pang'onopang'ono, chidzamveka, koma osati ngati chatsopano. Ndipo ndikupempha musachiyike lero, chiwononga singano."

Ananena zonsezi motsitsa mawu, ngati dokotala wouza munthu za matenda a mwana wake. Ine mantha anali tho, koma ndikuuzeni zoona, sindinamukondepo ngati nthawi imeneyo. Anayimirira pakati pa nyumba ya eni, aliyense akumuyang'ana ndi diso lofiira, manja osanjenjemera ngakhale pang'ono.

"Nsanje!" Wamagalimoto anadzuka. "Bambo, munthu uyu wabwera ndi kabatani, ndiye akufuna anyoze mphatso yanga. Chiyikeni timve tonse!"

"Ikani singano yanuyo," bambo anauza Makutu. "Ndikufuna ndimve ndi makutu anga."

Makutu anafuna kuyankha, koma anaona nkhope ya bambo. Anamangirira singano, kuyika chimbale, kutsitsa mkono mofatsa.

Kunayamba phokoso ngati mafuta akuwira m'chiwaya. Piyano inalowa chapatali. Sakisofoni itabwera bambo anatseka maso, poti nyimbo inali yomweyo ya unyamata wawo, koma inkamveka ngati woyimbayo wafunditsidwa bulangete. Sipanathe mphindi, mawu anayamba kuphwanyika, kenaka singano inatsetsereka, fwiii, mpaka pakati. Bambo ananyamula mkono wa galamafoni okha. Kunsonga kwa singano kunali kadothi kakuda konata.

Amayi anatola thireyi ya makapu n'kupita kukhitchini, tiyi asanamwedwe n'komwe.

"Mwachiyesa galimoto?" Bambo sanakweze mawu, ndipo bambo anga akatsitsa mawu ndiye kuti zafika poipa. "Mwachipaka polishi ngati tayala kuti mundipusitse?"

"Ine sindinachipake kanthu, bambo! Ndikulumbira!"

"Mwanena nokha pano kuti chochoka m'manja mwanu chimanyezimira."

"Kunali kungoyankhula chabe!"

"Bambo," Makutu analowererapo, "ine sindikudziwa amene wapaka. Mwina ndi amene anawagulitsa. Munthu wosazidziwa zimbale sangazindikire."

Tamuonani, akuikira kumbuyo munthu amene wangomunyoza kumene. Koma bambo sanamve.

"Mukanandibweretsera chotuwa n'kundiuza kuti ndi chotuwa, ndikanachilandira ndi manja awiri, chifukwa ndachifuna zaka makumi anayi. Chandiwawa ndi bodza. Pitani bwino, mukapereke moni kunyumba."

Wamagalimoto anatola makiyi ake, ulendo uno osawazunguliza. Pakhomo anandiyang'ana maso ali psuu.

"Ine si wakuba," anatero. "Ndifufuza amene wandichita zimenezi."

Kunena zoona ndinamumvera chisoni. Koma chisoni chake chinali chaching'ono, chimwemwe changa chinachiphimba.

* * *

Makutu anatulutsa kaburashi m'thumba la malaya n'kuyamba kutsuka singano ija, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kamodzikamodzi, atapinda msana. Bambo ankangomuyang'ana.

"Yapulumuka?"

"Yapulumuka, bambo. Mwaichotsa msanga."

Bambo anadzuka, kufikira pa shelefu yapamwamba penipeni, n'kutsitsa chimbale china. Sanachiyike okha. Anachipereka kwa Makutu. Ine chibadwire sindinaonepo chimbale cha bambo m'manja mwa munthu wina.

Anapita nacho pazenera monga mwa nthawi zonse. Ulendo uno anamwetulira.

"Ichi ndiye mwachilera ngati khanda. Pali kokhukhuzika kamodzi ka pepala mbali yoyamba, sikamveka. Kwinaku ndi mbee."

Singano itatsika kunali zii, kenaka lipenga linatuluka loyera ngati woyimbayo waima pafupi ndi kabati. Awiriwo anakhala moyandikana, mitu itapendekera mbali imodzi. Ine anandiiwala, ndipo sindinadandaule.

"Tamverani wa bezi kumanzereko, wa zingwe zolira mawu aakuluyo," anatero Makutu chapansipansi. "Akumudikira mnzake apume kaye, ndiye alowe."

Bambo anamenya ntchafu. "Wamumva! Iwe, zaka zonsezi m'nyumba muno palibe anamumvapo munthu ameneyo! Ndikawauza amangoti ndi phokoso la azibambo okalamba!"

Ndinamva bwinobwino, anamutchula kuti iwe. Inu uja anathera pa chimbale chobiriwira.

Nyimbo itatha bambo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Ndinakuweruza ndisanakuone, mwana wanga. Loweruka ubwere m'mawa. Ndikufuna uzione zonsezi, chimodzichimodzi, ulembe timakhadi tako tija. Osandibisira kanthu, wamva? Tikamaliza, tikhale pansi tikambe za mzime wangayu."

Makutu ndinamuperekeza mpaka pageti mapazi osagunda pansi. Dzuwa linali lisanalowe, anthu akudutsa mumsewu, ndiye sindikanamukumbatira. Ndinangomugwira dzanja lija n'kulifinya.

"Ukanandimvera ine bwenzi zitavuta," ndinavomera.

"Ulembe penapake zimenezo, ndidzazifuna tikakalamba."

* * *

Ndinalowa kukhitchini ndikuvina. Amayi anali ataima pasinki, madzi akutuluka, m'manja mulibe chotsuka.

"Amayi, mwamva zimene anena bambo?"

"Tseka chitseko."

Ndinatseka. Anatsegula kabati yapansi n'kutulutsa chitini cha mankhwala opukutira mipando. Anachiyika patebulo, chinalira mopepuka, chinali chitatsala pang'ono kutha.

"Mwana wa eni uja sanapake kanthu. Ndine."

"Amayi!"

"Tsitsa mawu! Chinabwera chotuwa ngati chatoledwa kudzala. Ndinati mnyamatayu achita manyazi pamaso pa bambo ako, bwanji ndimuthandize. Ndinangopopera pang'ono n'kupukuta, chinawala bwino. Ine ndikanadziwa bwanji kuti timizere timeneti timamwa mafuta?"

Ndinakhala pampando. Ndinati chabwino, chimbale chimodzi, Makutu achitsuka, nkhani itha. Koma amayi anali asanamalize. Ankapotokola nsalu yopukutira mbale ngati akuifinya madzi.

"Nditaona mmene chinawalira, ndinati ndiwasangalatsenso bambo ako akamabwera. Lachisanu lonse ndinali chogwada pabalaza paja iwe uli kuntchito."

"Zingati?"

"Mashelefu awiri apansi. Apamwambawo msana unandikanika."

Ndinagwira pakamwa. Zimbale mazana awiri!

"Zaka makumi atatu ndi zisanu bambo ako sanandinyozepo," anatero amayi misozi ili m'maso. "Chinthu chimodzi chokha anandipempha tikulowa m'banja, kuti zimbale zawo ndisamazikhudze. Wawaona mmene amuyang'anira mnyamata uja? Ukufuna adzandiyang'ane ine choncho, pamaso pa mlendo?"

"Ndiye muwauze nokha Loweruka lisanafike."

"Sindingathe." Anapukuta maso, ndipo mawu awo anauma. "Wakoyo umuuze. Loweruka akafika pa mashelefu apansiwo anene kuti zili bwino, kapena anene kuti ndi chinyezi, azitenge akazitsuke kwake mwakachetechete. Akatero ndimulandira ndi manja awiri, za Wamagalimoto sudzazimvanso pakamwa panga. Koma akandiyalutsa m'nyumba mwanga, bambo ako avomere avomere, ine ndili moyo sadzakhala mkamwini wanga."

Foni inanjenjemera m'thumba la diresi. Ndinaitulutsa, amayi n'kusuzumira paphewa panga. Anali Makutu.

"Mzime, ndili m'basi koma ndikungoseka ndekha, anthu akundiyang'ana. Bambo ako andikhulupirira! Ndikukulonjeza, Loweruka sindiwabisira ngakhale kadontho kamodzi."

Amayi anawerenga mpaka kumapeto. Kenaka anandikankhira foniyo pachifuwa.

"Muyankhe," anatero. "Ndili pompano."